Benye: Mandasi a Cifalansa pa Cakudya ca M'mawa

Nkhani ya lero ikhudza amai a pa banja ndi onse amene agwira mthiko, kuyambira ku Karonga kufikira ku Bulawayo, ndi kuyambira ku Kitwe kufikira ku Mutare. M'maiko atatu awa mulibe mzinda kumene ufa wokazinga m'mafuta sudziwika. Ku Malawi amati mandasi, ku Zambia amati vitumbuwa, ndipo ku Bulawayo amati amagwinya. Koma m'dzanja la mwana wa sukulu zonsezi ndi cinthu cimodzi. Anthu a ku France naonso ali nao mandasi ao. Dzina lace alilemba beignet, koma pakamwa limveka ngati benye, ndipo linacokera ku liu lakale la Cifalansa lonena cotupa, conga cimene cituruka pa mphumi munthu akagunda citseko. Dzinalo ndi loyenera, pakuti ubwino wonse wa benye uli pa kutupa kwace.

Zakudya zambiri zomveka za Afalansa zifuna uvuni ndi ziwiya zimene mai wa ku komboni sangazipeze. Koma benye safuna uvuni konse. Poto wakuya, mthiko, mbaula ya makala, ufa wa tirigu, mazira ndi mafuta ophikira, zakwana. Komabe ufa wa tirigu ndi mafuta sizimera pa khomo. Zigulidwa ndi ndalama zimene wina anazikhetsera thukuta, ndipo mai amene aswa mazira anai m'poto osadziwa cimene acita angathe kutaya m'mawa umodzi ndiwo za masiku awiri. Cifukwa cace mafotokozedwe a lero sathamanga.

Ku France benye ndi cakudya ca nyengo yace. Kalekale Akristu a kumeneko anali kusala nyama, mafuta ndi mazira masiku 40 a Lenti. Tsono pa tsiku lotsiriza nyengoyo isanayambe, ndilo Laciwiri lotsogolera Lacitatu la Phulusa, mai ali yense anali kufuna kutha mafuta, batala ndi mazira zotsala m'nyumba, kuti zingaonongeke pa cabe. Tsikulo dzina lace ndi Mardi Gras, ndiko kunena Laciwiri la Mafuta, ndipo ligwa mu February kapena mu March. Dera liri lonse liri ndi kapangidwe kace ndi dzina lace. Ku Lyon amati bugnes. Ku Bordeaux amati merveilles, ndiko kunena zodabwitsa. Ku Provence amati oreillettes, cifukwa ndi opyapyala ndi opindika ngati timakutu. Palinso mtundu wina, wobulungira ndi wopepuka koposa onse, umene dzina lace la masiku onse liri la cipongwe pang'ono, losayenera kumasuliridwa pa wailesi apongozi ali pafupi. Anthu aulemu amati soupirs de nonne, kuusa moyo kwa sisitere, pakuti m'kati mwace muli mpweya wokha-wokha.

Kumene Afalansa anapita, benye anapita nao. Iwo anamanga mzinda wa New Orleans m'caka ca 1718, pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Mississippi, ndipo ngakhale dziko la Louisiana linagulitsidwa kwa Amerika mu 1803, maphikidwe ao anatsala komweko. Nyumba ya khofi ya Café du Monde, imene inatsegulidwa pa msika wa French Market mu 1862, igulitsa benye kufikira lero, atatu-atatu pa mbale, a ngondya zinai, opanda ciboo pakati, okwiririka mu shuga wosalala. Mu 1986 boma la Louisiana linakhazikitsa mwa lamulo kuti benye ndiwo mandasi a dziko lao. Mu Afrika momwe muno, anchito ambiri a ku Douala ndi ku Yaoundé m'dziko la Cameroon afisula benye pamodzi ndi nyemba zophika ndi phala la cimanga, ndipo ku Kinshasa amati mikate.

Pali njira ziwiri zopangira benye, ndipo zisiyana kutali. Yoyamba itupa ndi nthunzi, yaciwiri itupa ndi yisiti. Zonse ziwiri zifuna ufa wa tirigu, ndipo apa mpofunika kunena mosabisa kuti ufa woyera wa cimanga kapena mgaiwa sungalowe m'malo mwace. Mu tirigu muli kanthu konanda, kamene akatswiri amati gluten, kamene kakanyowa ndi kukandidwa kakhoza kutanuka ngati mpira wa njinga ndi kusunga mpweya m'kati. M'cimanga mulibe. Ndico cifukwa cace zitumbuwa za ufa wa cimanga ndi nthoci, ngakhale zikoma ndi kukhutitsa, zikhala zolemera ndi zothinana. Mai amene asakaniza mgaiwa kuti ufa wa tirigu ucuruke adzapeza zitumbuwa, ndipo palibe colakwa pa zitumbuwa. Koma asayembekeze benye.

Njira yoyamba ndiyo ya Cifalansa ceni-ceni, ndipo mtanda wace amati pâte à choux. Zofunika ndi izi: madzi kapu imodzi ya mamililita 250, batala kapena majarini masupuni akulu asanu, mcere wotsina ndi zala, shuga supuni yaikulu imodzi, ufa wa tirigu kapu imodzi yodzala ndi kamulu pamwamba, ndiwo magalamu 150, ndi mazira anai. Mulibe yisiti, mulibe soda. Kapu yoyesera madzi ikhale yomweyo yoyesera ufa, koma iyambe yauma.

Wophika athira madzi m'poto, naikamo batala, mcere ndi shuga, nateleka pa moto. Batala adulidwe tizidutswa, kuti asungunuke madzi asanayambe kuphwera. Pakuti ngati madzi awira nthawi yaitali kudikira batala, muyeso waonongeka kale. Madzi akangobwata, poto acoke pa moto, ndipo ufa wonse, wosefa bwino, ugwemo nthawi imodzi. Pamenepa mai wa kuno adzadabwa, cifukwa nsima siphikidwa cotero. Nsima ilandira ufa pang'ono-pang'ono. Koma pa cotsatira iye ali ndi mwai woposa wophika wa ku Paris, pakuti nchito yace ndi kubvundula ndi mphamvu, ndipo dzanja lace linazolowera mthiko kuyambira ali mtsikana. Abvundula kufikira ufa wonse walowerera, wopanda mibulu. Atatero abweza poto pa moto wocepa, nabvundulabe mphindi imodzi kapena ziwiri, kufikira mtanda waleka kumamatira m'mbali mwa poto, wasonkhana pamodzi ngati mpira, ndipo pansi pa poto paoneka kakhungu kopyapyala. Kuumitsa kumeneku sikuli kwa cabe. Mtanda umene wataya madzi pa moto ndiwo ukhoza kumwa mazira onse anai osasanduka phala.

Tsopano afika pa malo pamene ambiri aphonya. Mtanda uli wotentha, ndipo dzira likagwamo msanga lipsa, nilisanduka tizibenthu toyera tosathandiza kanthu. Poto akhale pansi mphindi zisanu, kufikira cala cikhoza kukhudza mtanda osathawa. Dzira liri lonse liswedwe m'kapu poyamba, osati m'poto. Dzira limodzi lobvunda litha kuononga zonse, ndipo ndi nzeru kulinunkhiza lisanalowe. Loyamba likalowa, mtanda ugawikana nthuli-nthuli zoterera, nuoneka ngati waonongeka. Mai woyamba kumene ataya mtima pompo, ndipo mwina mwana woima pambali anena, "Amai, mwaphonya." Sanaphonye. Apitirize kutakasa, ndipo posacedwa nthulizo zigwirananso, mtanda nukhala wosalala. Pamenepo ndi pamene dzira laciwiri lilowa, ndi lacitatu momwemo, limodzi-limodzi.

Dzira lacinai lifuna maso. Mazira a nkhuku za cikuda ndi ang'ono, a nkhuku za cizungu ndi akulu, ndipo ufa wa m'sitolo imodzi umwa madzi kosiyana ndi wa m'sitolo ina. Cotero dzira lotsiriza limenyedwe m'kapu, nililowe theka poyamba. Wophika atukula mthiko ndi kuyang'ana. Ngati mtanda ukakamira osagwa, usowa dzira. Ngati uyenderera ngati phala la mwana, lapyola. Woyenera unyezimira, nulendewera, nugwa mwaulesi, kusiya ku mthiko kansonga konga lilime. Mtanda wopyola muyeso sukonzeka ndi kuwazamo ufa wauwisi, ngakhale dzanja lifuna kutero. Cothandiza ndi kuphika mtanda wina wocepa wa madzi, batala ndi ufa, wopanda dzira, ndi kuusakaniza ndi woyambawo utazizira.

Kodi cinthu copanda yisiti ndi soda citupa bwanji? Yankho liri m'madzi. Madzi akasanduka nthunzi afuna malo oposa kale nthawi 1,600 ndi kupyola. Kambulu ka mtanda kakagwa m'mafuta otentha, madzi a m'kati mwace asanduka nthunzi, nthunziyo nikankha kufuna poturukira. Ufa wophika kale uja utanuka osang'ambika msanga, ndipo dzira liuma ndi kutentha, nililimbitsa khoma. Cotsala ndi cikhungwa copyapyala, ndi mphako m'kati.

Mafuta ndiwo theka la nchito yonse, ndipo zonenedwa apa zikhudza njira zonse ziwiri. Mafuta a mpendadzuwa, a mtedza kapena a njere za thonje, onse ndi abwino. Batala ndi majarini sayenera kukazingira, cifukwa apserera msanga. Mafuta amene anakazingapo usipa kapena kapenta asayandikire. Benye wonunkha nsomba sakondweretsa ngakhale mwana wanjala. Poto akhale wakuya, wa pansi pophwathalala, wouma ndithu. Mafuta azame zala zitatu kapena zinai, kuti benye ayandame osakhudza pansi, koma asapitirire theka la poto. Ciwaya cosaya cokazingira mazira siciyenera.

Kutentha koyenera kuli pakati pa madigiri 170 ndi 180. Nyumba zambiri ziribe coyesera, koma mtanda womwewo ndiwo mboni. Wophika aponyamo kambulu kocepa ngati nsawa. Kakamira ndi kukhala pansi du, mafuta sanatenthe. Benye woikidwa m'mafuta otere amwa mafuta ngati thonje, nalemera m'mimba, ndipo botolo litha msanga. Kakangofika ndi kuda pomwepo, kapena ngati pa mafuta pakwera utsi, apyola. Benye adzafiira kunja m'kati muli mwauwisi. Koma kakamira pang'ono, nikabwera pamwamba mwa kamphindi, katazingidwa ndi tithobvu tosekerera, nthawi yakwana. Pa mbaula, moto wabwino ndi wa makala amene aleka malawi, ayamba kubvala phulusa. Mai wanzeru asunga makala ena oyaka pambali, kuti aonjeze kapena kuphula monga mafuta afunira, popeza mbaula iribe kocepetsera monga sitovu ya magetsi.

Mtanda wa nthunzi utapidwa ndi supuni yaing'ono, kukula ngati suku, ndi kukankhidwira m'mafuta ndi supuni ina, pafupi ndi mafutawo, osati kuuponya kucokera m'mwamba. Alowe asanu kapena asanu ndi mmodzi basi, pakuti adzakula kawiri kapena katatu, ndipo ocuruka aziziritsa mafuta. Pano pali cinthu cokondweretsa ana, ngati aonera ali patali: benye wotere kawiri-kawiri atembenuka yekha. Mbali ya pansi ikapsa ndi kupepuka, iye agubuduka, mbali yauwisi nipita pansi. Pakati pa nchitoyo ang'aluka pang'ono m'mbali, natupanso kaciwiri. Amene aphula asanang'aluke waphula msanga, ndipo benye wace aphwa pa mbale ngati mpira wolasidwa ndi munga. Afuna mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kufikira afiira mofanana ponse ngati uci. Aphulidwa ndi supuni ya zibooziboo ndi kuikidwa pa pepala loyera kapena pa nsalu yoyala m'licero, kuti mafuta akhe. Pepala la nyuzi siliyenera, cifukwa inki yace isungunuka ndi mafuta nilowa m'cakudya.

Muyeso uwu upatsa benye 30 kapena kuposerapo. Ena adzati mazira anai ndi ambiri. Koma mazira anai okazinga pa okha sakwanira banja la anthu asanu ndi awiri; afika kwa bambo ndi mlendo, ana nangoona mbale. Mazira omwewo m'mtanda uwu afika kwa munthu ali yense, mpaka cimaliziro. Ubwino wina ndi wakuti njira iyi siifuna kudikira; kuyambira kuteleka madzi kufikira kuphula benye woyamba sipapita theka la ora.

Njira yaciwiri, ya ku New Orleans, iri pafupi ndi mandasi, ndipo amai ambiri adzaizindikira msanga. Zofunika ndi ufa wa tirigu makapu anai osadzaza kwambiri, ndiwo magalamu 500, mkaka wofunda kapu imodzi, yisiti wouma masupuni ang'ono awiri, shuga masupuni akulu anai, batala wosungunula masupuni akulu atatu, dzira limodzi, ndi mcere supuni yaing'ono imodzi. Yisiti ndi camoyo. Adya shuga naturutsa mpweya umene utupitsa mtanda, ndipo monga camoyo ciri conse, afa ndi kutentha. Mkaka wofika madigiri 60 umupha. Mkaka ufunde monga madzi osambitsira khanda. Zonse zisakanizidwe ndi kukandidwa mphindi khumi, kufikira mtanda wasalala. Ukhale wofewa, womatirira pang'ono ku zala; apa ndipo benye asiyana ndi mandasi a pa msika, amene mtanda wace ambiri aulimbitsa kuti asamwe mafuta ndi kuti akhale tsiku lonse m'basiketi. Mtanda ubvundikiridwe ndi nsalu yonyowa kufikira wakula kawiri, monga ora limodzi kapena awiri.

Nthawi imeneyi siifanana ponse. Ku Harare, kumene kuli pafupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndi ku Lusaka, kumene kuli pafupi mamita 1,300, mpweya wa kunja upanikiza pang'ono, ndipo mtanda utupa msanga kuposa mmene buku lolembedwa ku New Orleans linenera. Ku cigwa ca Shire ndi ca Zambezi cofulumizitsa ndi kutentha. Wophika ayang'ane mtanda, osati koloko.

Funso la mai amene afuna benye pa kadzutsa ndi lakuti adzuke nthawi yanji. Amene ali ndi firiji akanda madzulo, naika mtanda m'menemo usiku wonse, ndipo m'mawa ukoma koposa. Amene alibe firiji angathe kutero m'miyezi ya cisanu, June ndi July, atacepetsa yisiti kufikira theka la supuni yaing'ono, ndi kuika madzi m'malo mwa mkaka, dzira osaikamo, mbale ili pa malo ozizira pafupi ndi mtsuko. Koma m'mwezi wa October mtanda wogona usasa, nufufuma kufikira kugwa, ndipo mkaka ndi dzira siziyenera kugona pa kutentha kotero. M'nyengo imeneyo ndi bwino kukanda m'banda kuca, kapena kutsata njira yoyamba ija.

Mtanda utatupa uyalidwa pa thebulo lowaza ufa ndi kuphwathalalitsidwa ndi botolo loyera, kucindikira ngati pensulo. Udulidwa ndi mpeni wakuthwa m'zidutswa za ngondya zinai, zoposa pang'ono bokosi la macesi. Mpeni wobuntha ufinya m'mphepete, ndipo cidutswa sicitupa bwino. Cikagwa m'mafuta a madigiri 180 cimira, nicibwera pamwamba. Pamenepo wophika atapa mafuta otentha ndi supuni nathira pamsana pace kawiri kapena katatu, ndipo cifufuma ngati pilo. Mphindi imodzi kapena ziwiri mbali iri yonse zakwana.

Tsopano pali mau amene sayenera kudumphidwa, ngakhale sakoma kumva pa nthawi ya cakudya. Madzi owira pa moto sapitirira madigiri 100. Mafuta okazingira atentha pafupi-fupi kawiri, ndipo akagwera pa khungu amamatira. Mbaula ikhala pansi, pa msinkhu weni-weni wa mwana wokwawa, ndipo m'mawa wa benye ndi m'mawa umene ana onse afuna kukhala pafupi ndi moto. Mbaula ikhazikidwe pa malo osapendekeka, kutali ndi khomo lopitapo anthu, ndipo cigwiriro ca poto ciloze ku khoma. Mai asakazinge ali ndi mwana kumbuyo. Akawerama, dzanja kapena phazi la khanda liri pafupi ndi mafuta kuposa mmene iye aganizira. Nsonga ya citenje imangidwe bwino. Mwana wamkulu apatsidwe nchito yosunga ang'ono ace pa mphasa, ndipo mphotho yace ikhale benye woyamba.

Madzi ndi mafuta otentha ndi adani. Dontho limodzi lisanduka nthunzi pansi pa mafuta ndi kuwathovutsira kumaso. Cifukwa cace supuni ndi manja zikhale zouma. Mafuta akagwira moto, munthu asathire madzi konse, pakuti malawi adzalumpha kufikira ku denga, ndipo denga la udzu silicedwa. Asanyamulenso poto kuthamanga naye pabwalo. Cocita ndi kubvundikira poto ndi cibvundikiro ca citsulo kapena mbale yaikulu ya citsulo, kuzima sitovu ngati ndi ya magetsi kapena ya gasi, ndi kusiya cibvundikirocho (cisatsegulidwe ndi ofuna kuona) kufikira zonse zazizira. Cibvundikiro cimeneci cikhale pafupi ndi dzanja kukazinga kusanayambe.

Munthu akapsa, mankhwala oyamba ndi madzi ozizira oyera, othiridwa pa balalo mosalekeza mphindi 20. Mphindi 20 ndi nthawi yaitali mwana akulira, ndipo ambiri aleka pa ziwiri. Koma kutentha kupitirira kudya mnofu pansi pa khungu ngakhale mafuta atacoka. Pa bala pasapakidwe mafuta, dzira, ufa, mankhwala otsukira mano kapena phulusa, ngakhale agogo atanena motani. Zonsezi zitsekera kutentha ndi kulowetsa tizirombo. Matuza asaphulitsidwe. Bala liphimbidwe ndi nsalu yoyera yosatuluka ubweya, ndipo ngati liposa cikhatho ca wopsayo, kapena liri kumaso, m'manja, ku mapazi kapena pa mfundo, kapena ngati wopsayo ndi khanda, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Mafuta otsala asatayidwe. Atazizira asefedwe pa nsalu yoyera ndi kusungidwa m'botolo lotseka, pa mthunzi. Agwiranso nchito kawiri kapena katatu. Akada, akayamba kucita thobvu kapena kununkha, nthawi yao yatha.

Cotsala ndi shuga. Benye wa Cifalansa mwa iye yekha satsekemera kweni-kweni. Kutsekemera kwace kuli kunja. Shuga wace ndi uja wosalala ngati ufa, wogulitsidwa m'masitolo kaamba ka makeke, koma amene alibe angathe kusinja shuga wamba mu mtondo woyera ndi wouma, ndi kumusefa. Mtondo umene unasinja tsabola dzulo suyenera. Shuga awazidwa kupyolera mu sefa benye ali wofunda. Pa wotentha kwambiri asungunuka, pa wozizira sagwira. Ena aboola benye wa mphako uja ndi kuikamo jamu, ndipo jamu wa magwafa kapena wa mapapaya wophika pa khomo alowa bwino pamenepo.

Ku New Orleans amwera khofi wosakaniza ndi chicory, theka khofi theka mkaka wotentha. Chicory ndi muzu wokazinga ndi kupera, umene Afalansa anauzolowera masiku a Napoleon, pamene nkhondo ya pa nyanja ndi Britain, makamaka kuyambira 1806, inasowetsa khofi m'dziko lao. Khofi wambiri wa m'zitini wogulidwa m'masitolo a kuno ali nayenso chicory, kotero kuti banja la ku Ndola kapena ku Limbe limene limwa khofi wotere liri pafupi ndi kakomedwe ka ku Louisiana kuposa mmene lidziwira. Koma tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena wa ku Honde ndi ku Chipinge, wothira mkaka, sacepa pa nchito imeneyi, ndipo kwa ana ndiye woyenera.

Afalansa eni ace sadya benye tsiku ndi tsiku. Kadzutsa wao wa masiku onse ndi buledi, batala, jamu ndi khofi. Cakudya ca mafuta ndi shuga wotere siciyenera kulanda malo a phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene lisunga mwana m'kalasi kufikira masana. Malo a benye ndi m'mawa wa Loweruka kapena wa Lamulungu, tsiku limene mwana wabwera ku cuti, kapena pamene apongozi agona pa khomo. Mai wa ku Cameroon amene aika nyemba pambali pace adziwa cimene acita, ndipo nyemba zotsala dzulo, zotenthetsanso bwino, zisandutsa benye cakudya cokhalitsa m'mimba.

Benye sadikira munthu. Wa nthunzi akoma m'mphindi zoyamba zokha. Pofika masana wafewa ndi kuphwa. Wa yisiti apirira pang'ono, ndipo wotsala angakulungidwe m'kansalu kukhala kamba wa pa ulendo. Cifukwa cace banja likhale pansi, manja osamba, tiyi ali m'makapu, mtanda wotsiriza usanalowe m'mafuta. Ndipo wina akumbukire kusungira wophika gawo lace, pakuti mbale zoyamba zitha iye akali pa mbaula. Shuga wosalala auluka ndi mpweya wa m'mphuno, ndipo alendo a ku Café du Monde adziwika m'miseu ya New Orleans ndi maanga oyera pa zobvala zao. Bambo amene apita ku mapemphero ndi jekete lakuda adye asanalibvale.